Kodi Olera Ana Amasiye Angapirire Motani Kupsinjika Maganizo?

1. Kodi nchifukwa ninji mabanja ambiri mu Harare akulera ana amene sanabale?

M'MALOKESHONI a Harare onga Mbare, Highfield, Mufakose ndi Mabvuku, mmene mulinso mabanja ambiri amene makolo awo anachokera ku Malawi, sichachilendo kupeza agogo kapena azakhali akulera ana amene sanabale iwo eni. Mliri wa AIDS unasiya ana ambirimbiri opanda makolo m'ma 1990. Chotero, mu 1999 boma la Zimbabwe linakhazikitsa dongosolo lakuti mwana wamasiye ayambe wasamalidwa ndi achibale, ndiyeno anansi, kenako banja lina lovomerezedwa ndi boma, ndi kuti nyumba yosungira ana amasiye ikhale njira yomalizira.

2. Kodi ndi mitolo yotani imene wolera mwana amasenza?

2 Komabe, dongosolo lolembedwa papepala silipeputsa mtolo wa mumtima. Nyumba njopanikizana, pampopi pamauma kwa masiku, ndipo fizi ya sukulu siyembekezera munthu. Palinso mantha. Pakati pa Ashona, ena amakhulupirira kuti mwana wosadziŵika mfunda wake atafera panyumba, mzimu wake wolipsira, wotchedwa ngozi, ungasautse banjalo. Motero amene walandira mwana wachilendo anganenedwe ndi achibale ake omwe.

Kuzindikira za Mumtima

3, 4. (a) Kodi akatswiri aŵiri anafotokoza luso lotani? (b) Kodi lusolo lingathandize motani mwana akamabisa chakudya?

3 Mu 1990, akatswiri a zamaganizo Peter Salovey ndi John Mayer anafotokoza luso la kuzindikira mmene iwe mwini ukumvera ndi mmene ena akumvera, ndi kulola chidziŵitso chimenecho kutsogoza zochita zako. Kwa wolera mwana, luso limeneli nlofunika tsiku lililonse.

4 Mwachitsanzo, talingalirani za mwana amene amabisa nsima kunsi kwa bedi ngakhale kuti wadya nakhuta. Womlera angaone umbava, nakwiya. Komatu mwana amene anagonapo ndi njala samakhulupirira msanga kuti maŵa kudzaphikidwanso. Kukodza pogona, kukhala duu, ngakhale mwano, kaŵirikaŵiri zimachokera ku mantha amodzimodziwo. Chibonga sichichotsa mantha ameneŵa, chimawakulitsa. Chimene chimawachepetsa pang'onopang'ono ndicho chakudya cha panthaŵi yake ndi mawu ofatsa osasinthasintha.

5. Kodi wolera mwana ayenera kudzifunsa chiyani?

5 Chovutirapo ndicho kudzipenda. Agogo amene akukalipira mdzukulu angakhale osakwiyira mwanayo konse. Mwinamwake atopa, akuda nkhaŵa ndi lendi, kapena pankhope ya mwanayo akuona mwana wawo amene anamuika m'manda. Iwo alinso pamaliro, chinthu chimene anansi amaiŵala msanga. Wolera mwana akafunsa mumtima kuti, ‘Kodi chikundiŵaŵa kwenikweni nchiyani?’ amapeza mpata wa kuugwira mtima asanalankhule.

Zotheka Kusintha ndi Zofuna Kupirira

6. Kodi ndi njira ziŵiri ziti za kulimbana ndi kupsinjika maganizo?

6 Mu 1984, Richard Lazarus ndi Susan Folkman anasiyanitsa njira ziŵiri: kulimbana ndi vuto lenilenilo, ndi kutonthoza mtima pamene vutolo silingachotsedwe. Fizi ndi vuto lokhoza kulondoledwa. Wolera mwana angafunse kusukulu za thandizo la boma lotchedwa BEAM, limene linayamba mu 2001. Koma imfa ya makolo a mwanayo singasinthidwe, ndipo woilingalira usiku wonse amangodzitha mphamvu.

7. Kodi mabenchi a m'makiliniki a Harare amathandiza motani?

7 Ashona amatcha mkhalidwe umenewo kufungisisa, ndiko kuti kuganiza mopambanitsa. Mu 2006, dokotala wa nthenda zamaganizo Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench ku Mbare. Agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pabenchi panja pa kiliniki namvetsera popanda kuweruza. Samauza munthu chochita. Mmalo mwake, amamthandiza kutchula mavuto ake onse, kusankhapo limodzi, ndi kulingalira chimene angachite nalo asanabwerenso pabenchipo.