BAISIKOPO KU MATERO

Matero ndi komboni yaikuru ya mu mzinda wa Lusaka. Nyumba zace zoyamba zinamangidwa kuciyambi kwa zaka za m'ma 1950, kuti muzikhala anthu akuda ogwira nchito m'tauni. Masiku amenewo kunalibe televizyoni, ndipo mawailesi anali owerengeka. Cimene ana a m'makomboni anali kuyembekeza ndi mtima wonse ndi tsiku la baisikopo.

Baisikopo, imene ena amati kanema, ndi zithunzi zoyenda. Koma kunena zoona, zithunzizo siziyenda ai. Pa lamba wautali wochedwa filimu pamakhala tizithunzi tambiri-mbiri totsatizana, kali konse kosiyana pang'ono ndi kanzace. Makina amapititsa tizithunzi 24 patsogolo pa nyali yowala m'sekondi imodzi, ndipo kuwalako kumagwera pa nsaru yoyera. Popeza diso silingathe kulekanitsa zinthu zofulumira cotere, munthu amaona ngati kavalo ali kuthamangadi. Anthu awiri apacibale, a Lumière, anaonetsa zithunzi zotere kwa anthu olipira ndalama mu mzinda wa Paris m'caka ca 1895, ndipo posacedwa luso limeneli linafalikira m'maiko ambiri. Mafilimu oyamba analibe mau. Ndico cifukwa cace Charlie Chaplin, munthu wa kandodo ndi nsapato zazikuru, anali kuseketsa anthu a mitundu yonse osatsegula pakamwa. Mafilimu olankhula anayamba kuchuka m'caka ca 1927.

M'dziko la Northern Rhodesia, limene tsopano ndi Zambia, baisikopo inayamba kuzolowereka m'makomboni a ku migodi. Pambuyo pace inafika m'maholo a m'makomboni a m'matauni ena, ndipo magalimoto a Boma anali kuinyamula kunka nayo ku midzi. Koma mwana wa ku Matero sanali kuloledwa kulowa m'nyumba za baisikopo za pakati pa tauni, pakuti zinali za Azungu. Tsankho limeneli linaletsedwa ndi lamulo m'caka ca 1960. Ndiponso kunali akuru-akuru oikidwa ndi Boma amene anali kuyamba aona filimu iri yonse, nadula mbali zimene anati siziyenera anthu akuda. Kawiri-kawiri nkhani inali kutsala yoduka mutu, yosamveka pomwe yayambira ndi pomwe yathera.

Ngakhale zinali tero, anthu anali kudzaza malo onse. Mafilimu okondedwa koposa anali a abusa a ng'ombe a ku America, okwera pa akavalo ndi kubvala zipewa zazikuru. Ngwazi ya m'filimu iri yonse yotere ana anali kuicha Jeke, ndipo ikaponya cibakera onse anali kuimirira ndi kupfuula. M'mawa mwace anyamata anali kusema mfuti zamitengo, napanga zipewa zamapepala, nathamangitsana m'njira za pakati pa nyumba. Kusewera sikulakwa. Colakwa cinali cakuti ena anayesa kuti ku America anthu amangokhalira kumenyana, ndi kuti mwamuna weni-weni ndiye wa zibakera. Sanadziwe kuti woomberedwa mu baisikopo ndi wosewera wolipidwa, amene amadzuka, nasasa pfumbi, napita kwao kukadya. Mnzace wa pa sukulu akamenyedwa, magazi ace ndi eni-eni.

Panalinso mafilimu ena opangidwa kufupi. M'caka ca 1948 kunakhazikitsidwa bungwe la Central African Film Unit ku Salisbury, kumene tsopano ndi Harare, kuti lizipanga mafilimu ophunzitsa anthu akuda. Imodzi yodziwika inali Mulenga Goes to Town, nkhani ya mnyamata wa kumudzi amene anapita ku tauni kukagulitsa nkhuku napezana ndi mabvuto okha-okha. Anthu anaseka kwambiri. Koma woganiza bwino anatha kuona kuti eni filimuyo anafuna kuti anyamata aziopa tauni ndi kukhala kumudzi. Osewera anali anthu akuda, koma osankha nkhani anali ena.

Zinthu zinasintha. Televizyoni inayamba ku Kitwe m'caka ca 1961, kenaka inafika ku Lusaka. Pambuyo pace kunabwera mavidiyo oonetsedwa m'tizipinda ta m'makomboni, ndipo lero mwana wa ku Matero angathe kuona filimu yakale ya Chaplin ndi filimu yatsopano pa foni imodzi. Coposa zonse ndi cakuti ana a dziko lino anayamba kusimba nkhani zao. Rungano Nyoni, mkazi wobadwira mu Lusaka, anaturutsa filimu yochedwa I Am Not a Witch m'caka ca 2017. Iri ndi nkhani ya kamtsikana konamiziridwa ufiti, ndipo ena mwa osewera amalankhula Cinyanja. M'caka ca 2018 filimuyo inalandira mphoto ya BAFTA ku London.

Tsono mafilimu acuruka, ndipo si onse amene wamkuru amayamba waona. Cifukwa cace mwana wanzeru ayenera kudzifunsa yekha mafunso atatu: Anapanga filimuyi ndani? Afuna kuti woona akhulupirire ciani? Kodi zotere zimacitikadi pakati pa anthu? Akuru anati cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Wanzeru amayamba wang'amba nkhuyu asanaiike m'kamwa.

MAFUNSO

1. Fotokozani cimene cimacititsa zithunzi za baisikopo kuoneka ngati ziri kuyenda.
2. Cinacitika nciani m'caka ca 1960?
3. Kodi anyamata otsanzira Jeke sanadziwe ciani?
4. Mwambi wa mkuyu ugwirizana bwanji ndi phunziro ili?

ZOCITA

Jambulani kamunthu pa ngondya ya masamba khumi a kope lakale, mwendo wace uzisuntha pang'ono pa tsamba liri lonse. Tembenuzani masambawo msanga ndi cala cacikuru, ndipo lembani cimene mwaona.