Mkondo wa agogo musaukweche ndi mchenga

M'midzi ya kwa Chadza ndi kwa Chiseka, kuyambira ku Nathenje mpaka ku Mitundu, akadalipo mabanja amene akusunga mkondo, kankhwangwa, mpeni wa m'chimake kapena khasu lakale lotsomeka kudenga. Zida zambiri zotere zimawonongeka tsiku limene wina wazitsitsa n'kuyamba kuzikwecha ndi mchenga ndi phulusa ngati poto, kuti ziwale. Chonde musatero. Kuda kwa chitsulocho ndiye umboni wa zaka zake, ndipo mukakuchotsa sikubwereranso.

Dzimbiri lilipo la mitundu iwiri. Lakuda, losalala, lomwe silikusiyirani fumbi m'manja, limateteza chitsulo, limenelo lisiyeni. Lofiira, lofumbutuka, ndiye limadya. Lipukuteni pang'onopang'ono ndi kansalu kofewa konyowetsa ndi mafuta a makina osokera. Mafuta ophikira ayi, amanata n'kuitana nyerere. Oyilo wakale wa galimoto nayenso ayi. Musanole, musawotche pamoto, musapake penti.

Nanga mungadziwe bwanji kuti chidacho n'chakale? Makolo ankayenga okha chitsulo m'ng'anjo zadothi, zonga zomwe zikuonekabe m'nkhalango ya Kasungu, kenaka osula n'kuchiumba pachipala ndi mvukuto ndi nyundo. Chitsulo chotere sichikhala chofanana paliponse. Mukachipendeketsa padzuwa mumaona timizere takuda totsata utali wake, zotsalira za mwala umene anayenga, komanso mapondedwe a nyundo osalingana. Osula a masiku ano, monga amene amagulitsa nkhwangwa pamsika wa Mitundu, amasula kwambiri kuchokera ku masipuling'i a galimoto. Ntchito yawo ndi yabwino, koma chitsulo chake n'chosalala mofanana, ndipo nthawi zina pamaoneka mikwasa ya girayinda kapena powotcherera. Mukaona zimenezo, chidacho si cha nthawi ya makolo, ngakhale wogulitsa atalumbira. Ena amakwirira mkondo watsopano m'dothi lonyowa kuti uchite dzimbiri. Dzimbiri lake limakhala lofiira ponseponse, pomwe mtengo wake sunaperepeseke pogwirira.

Yang'anitsitsani polumikizira chitsulo ndi mtengo, chifukwa mpamene pali nkhani yambiri. Angoni a Maseko, amene anakhazikika cha ku Domwe, Dedza ndi Ntcheu n'kumathira nkhondo midzi ya Achewa mpaka Gomani woyamba ataphedwa ndi atsamunda mu 1896, ankadziwika ndi mkondo waufupi, wa mutu waukulu, wobayira pafupi. Polumikizira pa mikondo yotere nthawi zambiri pamakhala chikopa cha kumchira kwa ng'ombe, chomwe ankachiveka chili chachiwisi kuti chikauma chigwire, kapena waya wokulunga mwaluso. Mkondo woponya posaka umakhala wautali, wa mutu wocheperapo. Chikopa, waya, mpini ndi chimake musazitaye ngakhale zitatha. Kuikapo mpini watsopano wa bulugama n'kutaya theka la mbiri ya chidacho.

Ku Japan osunga malupanga akale amalemekeza kwambiri msuka, mbali ya chitsulo yobisika m'chigwiriro. Pamenepo mpamene wosula ankalemba dzina lake, ndipo akatswiri amayerekeza zaka poona mtundu wa dzimbiri lake, kotero kuti kukwecha msuka kumagwetseratu mtengo wa lupanga. Nkhaniyi ikutikhudza, pakuti asilikali a KAR ochokera kuno anamenyana ndi a Japan ku Burma mu 1944 ndi 1945. Ngati m'katundu wa agogo amene anapita kunkhondoko muli lupanga lopindika pang'ono, lakuthwa mbali imodzi, chigwiriro chake chokulungidwa ndi chingwe, dziwani kuti chigwirirocho chimagwidwa ndi kamsomali kansungwi. Musakagogode nokha ndi nyundo. Likakhala ndi chigwiriro cha aluminiyamu ndi manambala odinda pachitsulo, ndi la kufakitale la nthawi ya nkhondo, komabe kubanja lanu n'lamtengo wapatali. Musagwire chitsulo chake ndi zala, thukuta limasiya dzimbiri.

Posunga, pezani pouma, pokwera, pomwe ana safikira. Pansi pa bedi pamabwera chinyontho, ndipo chiswe sichichedwa kudya mpini. Musakulunge m'pulasitiki, kulungani m'nsalu ya thonje. Mvula ikamayamba ndi ikamatha, tsitsani muone ngati dzimbiri lofiira labwerera.

Ntchito yofunika kuposa zonsezi ndi ya kope ndi cholembera. Khalani pansi ndi agogo kapena atsibweni, muwafunse kuti chidacho chinali cha yani, wa mfunda wanji, anachokera nacho kuti, chinkatuluka pa mwambo wanji. Lembani momwe akunenera, ndi tsiku lake, mujambulenso chithunzi pafoni mutaika rula pambali. Akuluakulu amene akudziwa zimenezi akutha, ndipo mkondo wopanda mwini wodziwika umasanduka chitsulo wamba chomwe ogula zitsulo zakutha amangochiika pasikelo.

Akabwera munthu ndi ndalama, musafulumire. Chida chotere kawirikawiri n'cha mbumba yonse, ndipo chikakhala cha ufumu, ofunika kumva ndi amfumu. Za kumanda ndi kudambwe sizitengedwa n'komwe. Lamulo la Monuments and Relics Act sililola kutulutsa zinthu zamakedzana m'dziko muno popanda chilolezo cha boma. Mukafuna wokuthandizani kuzindikira, tengani zithunzi zija mupite nazo kunthambi ya boma yoona za Museums and Monuments ku Lilongwe, kapena mukayerekeze ndi zomwe zili ku Chamare Museum ku Mua, m'boma la Dedza, komwe akusunga za chikhalidwe cha Achewa, Angoni ndi Ayao. Mukatolera chitsulo chakale polima, lembani malo enieni amene mwachipeza, muwadziwitse amfumu, ndipo musapitirize kukumba.