Galimoto Ikakana Kulira: Zoyamba Kuyang'ana

Alangizi ena ogwira ntchito pakati pa alimi a m'madera a Mabvuku, Tafara ndi Highfield mumzinda wa Harare amadalira galimoto imodzi yonyamulira mbewu ndi feteleza. Ikakana kulira, ulendo wa kwa alimi umalephereka. Musanapite kukagula zipangizo ku Gazaland kapena ku Siyaso ku Mbare, yang'anani zinthu zitatu izi motsatana.

Choyamba ndi batire. Mukapotokola kiyi n'kumva kugogoda kokha, nyali n'kumazilala, batire yafooka. Batire yodzaza imaonetsa mavoti 12.6 injini itazima. M'miyezi ya June ndi July, kuzizira kwa m'mawa kumaichepetsa mphamvu. Tsukani mitu yake ndi madzi ofunda osakaniza ndi soda, kenaka muimange zolimba.

Chachiwiri ndi mafuta. Ngati sitata ikuzungulira bwino koma injini sikugwira, onani ngati mafuta akufika. Kuyambira mu 2013, boma la Zimbabwe linalamula kusakaniza petulo ndi ethanol, yomwe imakoka madzi galimoto ikakhalitsa osayenda. Sinthani sefa yotsekeka. Pa injini ya dizilo yomwe mafuta anatheramo, tulutsani mpweya m'mapaipi popopa ndi dzanja.

Chachitatu ndi moto wa mapulagi. Pa injini ya petulo, pulagi yakuda ndi mwaye kapena yonyowa siyatsa bwino. Ipukuteni kapena muisinthe.

Musazungulitse sitata kopitirira masekondi 10 nthawi imodzi, chifukwa imatentha n'kupsa. Zitatuzi zikakhala bwino koma vuto likadalipo, itanani makaniko.