Mimba inachoka, koma kachipangizo kakuonetsabe kuti ndili woyembekezera

Adokotala,
Ndinapita padera miyezi itatu yapitayo. Munatuluka tinthu tambirimbiri tonga timatuza ta madzi, mwana osaoneka. Mpaka lero magazi akudonthabe, ndipo poyeza mkodzo pakutuluka mizere iwiri. Apongozi akuti ndi zolodza. Nditani?
Mayi wodandaula, Chiromo

Mayi, pepani ndi zimene zinakuonekerani. Si ufiti ayi. Kachipangizoko kamayeza homoni yotchedwa hCG, imene imapangidwa ndi nsengwa. Mimba ikachoka, homoniyi imatha pakangopita masabata angapo. Ikapitirira kuoneka, mwina mwatenga mimba ina, mwina m'chiberekero munatsalira zina.

Koma timatuza mwatchulato tandidetsa nkhawa. Timaoneka pamene nsengwa yakula molakwika popanda mwana. Mwa amayi ena, zotsalira zake zimasanduka khansa yotchedwa choriocarcinoma, imene imathamangira kumapapo. Khansayi imapanganso hCG, choncho kuyeza magazi mobwerezabwereza kumatiuza ngati ikukula kapena ikutha. Musataye mtima: ndi imodzi mwa khansa zochizika kwambiri, ndipo ambiri amadzaberekanso.

Pitani kuchipatala sabata ino, mukafotokoze za timatuzato, mukapemphe sikani ndi kuyezedwa hCG m'magazi. Akakutumizani ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, musazengereze. Yambani kulera mpaka adokotala atakulolani kutenganso mimba, chifukwa mimba yatsopano imasokoneza zotsatira.

Kuyeza hCG kumeneku sikuona khansa ya khomo la chiberekero. Imeneyo ili ndi kuyeza kwake.

Mukataya magazi ambiri, kutsokomola magazi, kubanika kapena kumva mutu waukulu, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo.