Phunziro: Kukulitsa Nyumba Osapha Mbiri Yake

Phunziro lathu likuchokera ku hotela ya Taj Mahal Palace mumzinda wa Mumbai, ku India. Tisaisokoneze ndi Taj Mahal ya ku Agra, yomwe ndi manda amene mfumu Shah Jahan inamangira mkazi wake.

Hotelayi inamangidwa ndi chuma cha Jamsetji Tata. Ntchito inayamba mu 1898, ndipo alendo oyamba analandiridwa pa 16 December 1903. Mapulani anajambula ndi Sitaram Vaidya ndi D. N. Mirza, koma Vaidya atamwalira, anamaliza ntchitoyo ndi W. A. Chambers. Tata sanali Msilamu, komabe nyumbayi inabwereka zambiri ku luso la Asilamu. Pamwamba pake pali qubbah yaikulu yofiira, lomwe ndi denga longa mphika wovundikira, ndipo m'makona muli ma qubbah ang'onoang'ono. Mazenera ambiri ndi opindika pamwamba ngati uta. Izi anazisakaniza ndi mamangidwe a ku Ulaya.

Patapita zaka pafupifupi 70, malo anachepa. Eni ake sanagwetse nyumba yakaleyo kapena kusanjika zipinda pamwamba pa qubbah. Anagwetsa hotela yoyandikana nayo, Green's Hotel, ndipo pamalopo anamangapo nyumba yaitali yosanjikizana yomwe inatsegulidwa mu 1973. Ngakhale kuti ndi yamakono, anaiikira makonde opindika pamwamba kuti igwirizane ndi inzake. Onani kuti kukulitsa kunadya nyumba ina. Ntchito yotere imafuna kusankha mosamala chosunga ndi chotaya.

Mu November 2008 zigawenga zinapha anthu m'hotelayi n'kuotcha mbali ya nyumba yakale. Eni ake anaikonzanso motsatira maonekedwe ake oyamba, ndipo inatsegulidwanso mu August 2010.

Nkhaniyi ikutikhudza bwanji? Mizikiti nayonso imachepa. Mzikiti wa Mtumiki (mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye) ku Madina unakulitsidwa ndi Umar, kenako Uthman (Allah asangalale nawo), ndipo atsogoleri ena anapitiriza. Lero ndi waukulu zedi, koma malo a mihrab ndi mimbari ya Mtumiki akudziwikabe.

Choncho akomiti, anthu akayamba kuswalira panja pa Jumu'ah, musathamangire kugumula. Funsani kaye akuluakulu amene anaumba njerwa za mzikitiwo. Itanani wodziwa mapulani aone ngati maziko ndi olimba, komanso mbali yomwe mungawonjezere popanda kusokoneza qibla. Khoma likakhala loopsa ligwe ndithu, koma muyambe mwalijambula ndi kulemba mbiri yake. Mzikiti ndi waqf, ndipo ife tangosungitsidwa.

Ntchito ya ophunzira:
1. Tchulani zinthu ziwiri za luso la Asilamu pa hotelayi.
2. Funsani agogo chaka chimene mzikiti wa kwanu unamangidwa ndi mbali imene inawonjezeredwa, ndipo mubweretse mayankho m'kalasi.