Thirakitala Yodontha Oyilo

Mathirakitala otuŵa a Ferguson anayamba kupangidwa m'chaka cha 1946 ku Coventry, m'dziko la England. Ena akulimabe mpaka lero, koma chifukwa cha ukalamba amakonda kudontha oyilo. Ili ndi vuto lalikulu, pakuti oyilo akatha zitsulo za m'injini zimakhulana ndi kutentha, ndipo injini imafa kulima kusanathe.

Makaniko wodziŵa ntchito sathamangira kumasula mabawuti. Iye amadziŵa kuti pamene oyilo akudonthera si pamene akutulukira, popeza oyilo amayenderera kuchokera pamwamba. Choncho amayamba watsuka injini yonse ndi palafini, naipukuta bwinobwino. Kenaka amailiza kwa kanthaŵi, nafunafuna malo a pamwamba penipeni amene anyoŵanso.

Kaŵirikaŵiri cholakwika chimakhala gasiketi, kanthu kopyapyala kotseka mpata pakati pa zitsulo ziŵiri. Gasiketi ikakalamba imauma ndi kung'aluka. Makaniko amazimitsa injini, nadikira kuti izizire. Kenaka amapala gasiketi yakaleyo, naika yatsopano. Mabawuti amawamanga pang'onopang'ono mosinthanasinthana, chifukwa akawalimbitsa kwambiri gasiketi imaphwanyika.

Mafunso
1. Chimachitika nchiyani oyilo akatha m'injini?
2. Nchifukwa chiyani makaniko amayamba watsuka injini?