Phunziro la mwezi uno: Ketulo ya khofi pa Sombani



Pa msonkhano wa makolo wa teremu yatha panabuka funso limene sitinaliyankhe mokwanira, chifukwa nthawi ya Swala ya Asr inatipeza. Bambo wina anaimirira atagwira pepala la katundu wa ulendo wa ana a Fomu 3 wokwera phiri la Mulanje, naloza pamene tinalemba kuti "khofi, theka la kilogalamu". Anafunsa zinthu ziwiri. Kodi chakumwa chimenechi n'chololedwa kwa mwana wa Chisilamu? Nanga si ketulo yomweyi imene inatsala pang'ono kuotcha phiri chaka chatha? Funso loyamba yankho lake lili m'mabuku. Lachiwiri ndi mlandu wathu aphunzitsi, ndipo sitiuzemba. Popeza komiti sinavomerezebe ulendo wa chaka chino, taona kuti phunziro la mwezi uno likhale pa ketulo imeneyi.

Kodi khofi ndi halaal?

Kukayika kwa bambo aja si kwachilendo, pakuti ma ulama anakangana pa nkhani yomweyi zaka 500 zapitazo. Mtengo wa khofi kwawo ndi kumapiri a ku Ethiopia, koma umboni wodalirika wakale kwambiri wa anthu akumwa khofi umachokera ku Yemen, m'zaka za m'ma 1400. Omwawo anali Asilamu a twarika amene ankachezera usiku wonse akuchita dhikr, imene kuno timati sikiri, ndipo ankamwa kuti tulo tisawagwire. Kuchokera ku Yemen chakumwachi chinafika ku Makkah ndi ku Cairo.

Mavuto anayamba ndi dzina lenilenilo. Aarabu anachitcha qahwa, mawu amene kale ankatchulira vinyo. Komanso anthu anayamba kusonkhana usiku n'kumapatsirana chikho, zomwe kwa woonera patali zinkafanana ndi bwalo la mowa. Mu 1511 mkulu wina wa boma ku Makkah, dzina lake Khair Beg, anasonkhanitsa ma ulama ndi madokotala, ndipo khofi analetsedwa mu mzindamo. Chiletsocho sichinakhalitse. M'zaka za m'ma 1500 zomwezo Sheikh Abd al-Qadir al-Jaziri analemba buku lathunthu lofotokoza mbiri ya khofi ndi kuloledwa kwake, ndipo cha m'ma 1555 nyumba zomwera khofi zinali zitatsegulidwa ku Istanbul.

Ophunzira a Fomu 3 akumbukire lamulo la fiqh limene tinaphunzira: chakudya kapena chakumwa chimakhala chololedwa kufikira patapezeka umboni wochiletsa. Mowa unaletsedwa chifukwa umaphimba nzeru. Khofi saphimba nzeru, ndipo womwa amadziwa bwino rakaat imene ali. Kufanana kwa dzina sikusandutsa chinthu kukhala haraam.

Pali lamulo linanso loletsa kudzivulaza. Mu kapu imodzi ya khofi wophika muli kafini wokwana mamiligalamu 80 mpaka 100, ndipo pakatha maola pafupifupi 5 theka lake limakhala likadali m'thupi. Mwana womwa khofi wamphamvu Isha itatha amagona mochedwa, Fajr imamupitirira, ndipo m'mawa amayenda m'mphepete mwa maphompho maso akulemera. N'chifukwa chake pa ulendo wathu aliyense adzamwa kapu imodzi m'mawa, ndipo Asr ikangokwana khofi adzatsekeredwa m'chikwama cha mphunzitsi. Amene mtima umamuthamanga akamwa, amwe tiyi.

Ena akuti khofi ndi chakumwa cha azungu. Akunena zoona pang'ono, chifukwa kuno anabwera ndi amishoni a Church of Scotland: mu 1878 Jonathan Duncan anafika ku Blantyre ndi mbande zochokera ku Edinburgh. Khofi anakula mtengo mpaka boma la atsamunda linajambula mtengo wake pa chizindikiro cha dziko. Cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 mitengo yogulitsira inagwa chifukwa cha khofi wochuluka wa ku Brazil, tizilombo tinasakaza minda, ndipo m'malo mwake tiyi anafala ku Mulanje ndi ku Thyolo. N'chifukwa chake ife a kuno tinakulira tiyi. Amene tagula wa ulendowu ndi wopera wa Mzuzu Coffee, wolimidwa ndi alimi ang'onoang'ono a kumpoto, kuphatikizapo a kumapiri a Misuku.

Madzi oyamba ndi a wudhu

Ulendo wathu umayambira pa Fort Lister, pampata wa pakati pa Michesi ndi Mulanje, pamene atsamunda anamanga linga mu 1893 kuti atseke njira ya akapolo yopita kugombe la nyanja yamchere. Tidzaimapo pang'ono, chifukwa ena mwa ochita malonda oipawo anali Asilamu, ndipo ana athu ayenera kumva zimenezi kuchokera kwa ife. Kuchoka pamenepo timakwera maola angapo kukafika ku nyumba ya alendo ya Sombani, pamtunda wa mamita pafupifupi 2,000, m'munsi mwa nsonga ya Namasile.

Ana ambiri amaganiza kuti akangoberekera chikwama asanduka a paulendo, ndiye afupikitse Swala. Ayi ndithu. M'madhhab a Imam Shafi'i, amene ambiri a ife timatsata, kufupikitsa kumafuna ulendo wopitirira makilomita 80, ndipo phiri ili timaliona tili pakhonde la sukulu. Miyendo iwawe bwanji, Dhuhr ndi rakaat 4.

Chovuta chenicheni ndi kuzizira. M'miyezi ya Juni ndi Julayi pamwamba paja pamagwa chisanu mpaka udzu kuyera, ndipo chiperoni chikabwera ndi nkhungu munthu suona mnzako ali pafupi. Chaka chatha anyamata ena atagwira madzi a mumtsinje m'bandakucha anathamangira kufunsa ngati angachite tayammum. Anakumbutsa ndi nkhani ya Swahaba Amr ibn al-As, amene pa ulendo wina anachita tayammum usiku wozizira poopa kufa, ndipo Mtumiki (SAW) atamva sanamudzudzule. Nkhaniyo ndi yoona, ndipo tinakondwa kuti akuikumbukira. Koma ma ulama athu anaika malire: chilolezo chimenechi ndi cha munthu amene madzi ozizira angamuvulaze ndipo alibe njira yowatenthetsera. Amene ali ndi ketulo, nkhuni ndi machesi alibe chowiringula.

Ndiye dongosolo lake ndi ili. Wodzuka woyamba akoleze moto, ateleke ketulo, madzi akafunda awathire m'ndowa ya madzi ozizira kuti onse apeze a wudhu. Tikaswali Fajr ndi pamene ketulo imabwerera pamoto kuti ikhale ya khofi. Tinaona kuti ketulo ya malita atatu yotentha bwino imafunditsa ndowa yokwana anthu khumi, ngati aliyense akutunga ndi kapu, osati kukhuthula.

Madzi a khofi ndi akumwa tizitunga kumtunda kwa malo amene anthu amasamba. Mtumiki (SAW) analetsa kudzithandiza pa malo otungapo madzi, panjira ndi pamthunzi pamene anthu amapumula. Kwa ife lamuloli lili ndi nkhope za abale athu, chifukwa mipopi yambiri ya m'midzi ya Phalombe imalandira madzi otsika okha kuchokera m'phiri lomweli. Sopo ndi zotsukira mbale zitayidwe patali ndi mtsinje.

Kaphikidwe kake

Apa tachita kubwereka nzeru kwa aphunzitsi a Physics. Kumunsi, pafupi ndi nyanja yamchere, madzi amawira pa madigiri 100. Munthu akamakwera, mpweya umapepuka, ndipo madzi amawira asanatenthe kwambiri: pa Sombani amawira pa madigiri pafupifupi 93, ndipo pa Sapitwa, pamtunda wa mamita 3,002, pafupifupi 90. N'chifukwa chake nyemba zimachedwa kupsa m'phiri, ndipo sitidzanyamula zosaphika. Koma kwa khofi ndi mwayi, pakuti amakoma akaphikidwa ndi madzi a madigiri 90 mpaka 96. Kunyumba muyenera kudikira kuti madzi owira azizire pang'ono, pamene m'phiri mumathira nthawi yomweyo.

Sitifuna makina alionse. Madzi awire mwamphamvu kwa mphindi 3, kuti tizilombo toyambitsa matenda a m'mimba tife, popeza pamtunda wotere mphindi imodzi timaiona yochepa. Kenaka phulani ketulo. Pa lita imodzi ya madzi thirani magalamu 60 a khofi wopera, amene ndi masupuni aakulu odzadza bwino pafupifupi 8. Takasani kamodzi, vundikirani, dikirani mphindi 4. Mukatero wazani madzi ozizira pang'ono pamwamba ndi kudikiranso mphindi imodzi kuti khofi wopera uja akhazikike pansi. Tsanulirani m'makapu pang'onopang'ono, osagwedeza, ndipo madzi omalizira a pansi muwasiye. Amene safuna zinyenyeswa m'kamwa asefe ndi kansalu koyera.

Cholakwa chimene timachiona kawirikawiri ndi kuphika khofi ngati tiyi wa pamaliro, kumusiya akubwata pamoto mpaka onse atadzuka. Wotero amawawa ngati mankhwala a malungo, ndipo ana amathira shuga wa masiku atatu tsiku limodzi. Jinja pang'ono wosinja amamukometsa pozizira. Khofi wa m'chitini wongosungunula, monga Ricoffy, ndi wopepuka kunyamula ndipo sitikumunyoza, koma amene sanamvepo fungo la khofi weniweni wophikidwa ndi madzi a m'phiri adzamvetsa chifukwa chake tikuvutikira theka la kilogalamu. Mulingo umenewu umatulutsa malita 8, ndiye kuti makapu oposa 30.

Kapu yoyamba si ya mphunzitsi. Ndi ya otitsogolera njira, onyamula katundu ndi mlonda wa nyumbayo, kaya ndi Asilamu kaya ayi. Iwo ndi amene amakwera ndi thumba lathu la ufa pamutu. Tikatero timayendetsa makapu kuyambira kudzanja lamanja monga mwa Sunnah, aliyense anene Bismillah, amwe atakhala pansi, ndi dzanja lamanja.

Za moto uja

Tsopano tiyankhe funso lachiwiri. Chaka chatha, usiku womaliza, anyamata anayi anafuna khofi ife titagona. Poopa kutidzutsa sanakoleze pamalo a moto a m'nyumba, koma anatuluka n'kuika mafuwa atatu kuseri kwa mwala, pafupi ndi udzu wouma. Atamwa anathirapo kapu imodzi ya madzi, naona kuti malawi azima, nakagona. Mphepo ya m'bandakucha inautsa makala amene anali pansi pa phulusa. Mlonda ndi amene anaona kuwala, natidzutsa, ndipo tinazimitsa ndi nthambi zaziwisi ndi ndowa. Panapsa malo aakulu ngati bwalo la mpira wa manja. Mphepo ikanatembenuka, lero tikanakhala tikulemba nkhani ina.

Anyamatawo analangidwa, koma kulakwa kwakukulu kunali kwathu. Mtumiki (SAW) analamula kuti anthu atatu akakhala pa ulendo asankhe mmodzi akhale mtsogoleri. Ife tinali anthu oposa 20, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe amene tinamupatsa udindo wa moto. Machesi anali m'thumba la aliyense. Komanso tinali tisanawaphunzitse Hadith imene ili m'mabuku a Imam Bukhari ndi Imam Muslim, yofotokoza za nyumba ina ku Madinah imene inapsa usiku eni ake ali momwemo. Mtumiki (SAW) atamva anautchula moto kuti ndi mdani, nalamula kuti uzizimitsidwa anthu akamagona. Tinkaiwerenga ngati nkhani ya nyali za m'nyumba, osaganiza kuti ikunenanso za makala a pansi pa ketulo.

Chimene chikanapsa si udzu wokha. Mkungudza wa Mulanje, umene unalengezedwa kukhala mtengo wa fuko lathu mu 1984, sumera wokha kwina kulikonse padziko lapansi koma m'phiri ili. Macheka ndi moto wolusa zinaumaliza, mpaka kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha. Mbande zimene a Mulanje Mountain Conservation Trust ndi anthu a m'midzi akhala akubzala ndi zazing'ono, ndipo moto umodzi wa m'chilimwe umapha ntchito ya zaka zambiri. Ife a Phalombe sitifunika kuuzidwa zimene phiri limachita likagumuka. Makolo akukumbukira napolo wa pa Michesi mu Malichi 1991, ndipo ana omwe anaona namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Mvula yotere munthu sangailetse, koma phiri lopsa chaka ndi chaka siligwira dothi ngati phiri la mitengo.

Zimene tikupempha komiti kuti ivomereze ndi izi. Gulu lililonse la ana asanu lidzakhala ndi amiri wake. Machesi adzasunga mphunzitsi mmodzi, ndipo moto udzakolezedwa pamalo ake a m'nyumba basi, ndi nkhuni zimene mlonda waloleza, osathyola mtengo wamoyo. Pozimitsa, amiri wa tsikulo adzathira madzi, kutakasa phulusa ndi mtengo, kuthiranso, kenaka kuyandikiza kuseri kwa dzanja lake. Ngati pakumveka kufunda, sanamalize. Khofi wotsala pansi pa ketulo tidzamukwirira patali ndi mtsinje, ndipo mapepala a shuga ndi a mkaka adzatsika nafe m'zikwama.

Ophunzira a Fomu 3 abwere Lolemba atalemba masamba awiri pa funso ili: fotokozani zifukwa zololeza tayammum, ndipo onetsani ngati munthu wogona pa Sombani ali ndi ketulo ndi nkhuni akulowa m'gulu limeneli. Makolo ndi a komiti tikuwaitana Lachisanu likudzali tikatha Jumu'ah. Ana adzaphika khofi pabwalo la sukulu ndi kuzimitsa moto wake inu mukuona, ndipo bambo amene anafunsa aja tawapempha kuti adzagwire phulusalo ndi dzanja lawo musanapereke chigamulo.